Masiku Atatu m'Mzinda wa Zanzibar

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi

Nkhani ya madzulo ano ndi ya ulendo. Palibe mphunzitsi pano amene sanaimepo pamaso pa ana, ndodo iri m'manja, naloza pa mapu kadontho kakang'ono ka m'nyanja ya India, nati, "Apa ndi pa Zanzibar, pamenepa panali msika wa akapolo." Ana amalemba, pa mayeso amayankha bwino, ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma aphunzitsi atatu a m'cigawo ca kum'mawa anafuna kukaona kadonthoko ndi maso ao, ndipo zimene anakapeza kumeneko ziyenera kumvedwa ndi onse ogwira coko.

Woyamba wa iwo anali mkulu wa sukulu, Mcewa wa ku Katete, munthu wa imvi amene watsala pang'ono kupuma pa nchito. Waciwiri anali mai wa mtundu wa Akunda, wobadwira kufupi ndi Msoro, wophunzitsa ana ang'onoang'ono. Wacitatu anali mnyamata wa ku Mpika, Mbemba, amene Boma linamtumiza kum'mawa kudzaphunzitsa za maiko ndi mbiri yakale. Zaka ziwiri zathunthu anasonkha ndalama mwa cilimba, ndipo pa chuthi ca mwezi wa August ananyamuka ulendo wa masabata anai.

Njira ya kunyanja

Anakwera sitima ya pamtunda pa Kapiri Mposhi. Njanji imeneyi, yochedwa TAZARA, inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China kuyambira caka ca 1970 kufikira 1975, ndipo utali wace ndi makilomita 1,860 kufika ku Dar es Salaam. Sitima inapita pa Serenje, pa Mpika, pa Kasama, nidutsa malire pa Nakonde, nikwera mapiri a ku Mbeya, nitsikira ku dziko lotentha la kugombe. Pamene analikupita pa Serenje, mnyamata uja analoza kumpoto, nakumbutsa anzace kuti kumeneko ndiko kwa Chitambo, kumene anafera David Livingstone. Anzacewo anangobvomera, osadziwa kuti dzina limeneli adzakomana nalonso patsidya pa nyanja.

Atapumula ku Dar es Salaam, nacezanso ku Bagamoyo, analowa m'combo ca injini, ndipo patapita maora ngati awiri anaona nyumba zoyera zitandandalika m'mphepete mwa madzi, ndi nsanja za mizikiti ndi za machalichi ziri zii pamwamba pace. Pambali pao panali kuyenda zombo za matabwa za thanga limodzi, zopangidwa monga momwe anazipangira makolo a anthu a kumeneko.

Zombo zimenezi ndizo zimasulira cifukwa cace mzinda unamangidwa pa cisumbu cimeneci. M'nyanja ya India mphepo iri ndi nyengo ziwiri. Kuyambira ca mu November kufikira March iomba kucokera kumpoto ca kum'mawa. Eni dziko aicha kaskazi, ndipo ndiyo inkabweretsa amalonda a ku Arabia, Persia ndi India. Kuyambira April itembenuka niomba kucokera kumwera. Aicha kusi, ndipo ndiyo inkawabwezera kwao. Wamalonda akafika sakanatha kubwerera tsiku limene afuna. Anayenera kudikira mphepo miyezi yambiri. Podikirapo anamanga nyumba, nakwatira, nabala ana. Cotero ngakhale mwana wa sukulu angathe kuona kuti mphepo ndiyo inayamba kusanganiza mitundu ya anthu pa gombe limenelo.

Tsiku loyamba: m'makwalala a mzinda wakale

Mbali yakale ya mzinda Angerezi aicha Stone Town, ndipo m'Ciswahili ndi Mji Mkongwe. M'caka ca 2000 bungwe la UNESCO linaulemba pakati pa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasunga. Nyumba zace zinamangidwa ndi miyala ya m'nyanja, yomatidwa ndi njereza, ndipo mitanda ya denga ndi ya mitengo yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja. Popeza mitengoyi sitalika kwambiri, zipinda zambiri nzazitali koma zopapatiza. Makwalala ndi ang'ono ndithu, kotero kuti m'malo ambiri galimoto silowa, ndipo munthu akatambasula manja atsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Kupapatizaku sikuli kwacabe: nyumba zitalizitali zicinga dzuwa, ndipo woyenda pansi akhala mumthunzi ngakhale masana.

Alendo athu anazizwa koposa ndi zitseko. Ziri zazikuru, za mitengo yolimba, zosemedwa maluwa, nsomba, mafunde ndi maunyolo. Za Aluya nzangodya pamwamba, kawirikawiri zolembedwa mau a Ciarabu. Za Amwenye nzozungulira pamwamba, zokhomedwa nsonga za mkuwa. Kunja kwa nyumba kuli mipando ya miyala yochedwa baraza, pamene amuna akhala madzulo kumwa khofi ndi kukamba nkhani, monga acitira akulu pa bwalo la kumudzi.

M'makwalala amenewa anasokera. Mnyamata wa za maiko, amene anali ndi mapu m'manja, anakana kufunsa njira, nati mphunzitsi wa mapu sangasokere m'mudzi waung'ono cotere. Atazungulira katatu nabwerera pa citseko comweco, mai uja anati, "Aphunzitsi, safunsa anadya phula." Nafunsa mwana wamkazi wotunga madzi, ndipo mwanayo anawaturutsa pa doko mwa kanthawi kocepa. Pofunsapo anazindikira kuti Ciswahili si cilendo kwenikweni kwa wolankhula Cinyanja. Nyumba ndi nyumba, moto ndi moto, mbuzi ndi mbuzi. Madzi ati maji, njira ati njia, mvula ati mvua, nkhuku ati kuku. Koma pa kawerengedwe ka nthawi anagwa m'mbuna. Wotsogolera alendo anawauza kuti adzakomane m'mawa mwace pa "saa tatu," iwo nayesa kuti anena 3 koloko masana. Mwini nyumba imene anagonamo ndiye anawalangiza kuti Aswahili ayamba kuwerenga maora dzuwa likaturuka, kotero kuti ora lacitatu ndilo 9 koloko m'mawa.

Pa doko anaona linga lakale, Ngome Kongwe, limene Aluya a ku Oman analimanga ca m'ma 1700 atapitikitsa Apwitikizi pa gombelo. Pafupi pace pali nyumba yochuka, Beit al-Ajaib, ndiko kunena Nyumba ya Zodabwitsa, imene Sultan Barghash anaimanga m'caka ca 1883. Inachedwa cotero cifukwa ndiyo inayamba kukhala ndi magetsi m'Zanzibar, ndiponso cikepe cokweza anthu ku zipinda za pamwamba. Alendo athu sanathe kulowamo, pakuti mbali yace ina inagwa mu December 2020, ndipo anaipeza yocingidwa. Mkulu wa sukulu anaiyang'ana nthawi yaitali, nati nyumba ya mfumu ndi nyumba ya sukulu nzofanana pa cinthu cimodzi: denga likayamba kudontha, osalikonza, khoma silicedwa kutsata.

Pamalo omwewo panacitika nkhondo imene ambiri aiyesa yaifupi koposa zonse zolembedwa m'mabuku. Pa 27 August 1896 zombo za nkhondo za Angerezi zinaombera mizinga nyumba ya mfumu, cifukwa Khalid bin Barghash analowa ufumu popanda cilolezo cao. Ora limodzi lisanathe, zonse zinatha. Khalid anathawira kwa kazembe wa Ajeremani. Alendo ambiri akamva nkhaniyi amaseka cifukwa ca kufupika kwace. Koma m'kanthawi komweko anthu a Zanzibar ngati 500 anafa kapena kubvulala, pamene kwa Angerezi anabvulala mmodzi yekha.

Madzulo anapita ku munda wa Forodhani, m'mphepete mwa madzi, kumene anyamata adumphira m'nyanja kucokera pa khoma, ndipo ogulitsa zakudya ayatsa nyali naoca nsomba, nkhanu ndi nyama. Anamwa madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo. Anaonanso cimene anaphunzitsa kawirikawiri osaciona: nyanja imene masana inaphwa, kusiya mabwato ali gone pamcenga, inali itadzalanso, monga icita kawiri pa tsiku cifukwa ca kukoka kwa mwezi. Mnyamata wa ku Mpika anagula nyama ya m'nyanja ya miyendo isanu ndi itatu, imene eni ace aicha pweza. Mkulu wa sukulu anati, "Mbuya, zoona inu simusankha, mwatha anyani kwanu, tsopano mwayamba za m'madzi." Mnyamatayo nayankha, "Atate, ndikadapeza mbewa ndikadakugulirani, kuti mungafe ndi njala m'dziko la eni." Anaseka onse atatu, pakuti cimbuya ca Abemba ndi anthu a kum'mawa cinayenda nao ulendo wonse.

Tsiku laciwiri: pa msika wa akapolo

M'mawa wotsogolera anayamba kuwaonetsa nyumba ya Hamed bin Muhammed, wodziwika ndi dzina lakuti Tippu Tip, amene anafera m'mzindamo m'caka ca 1905. Dzina limeneli liri m'mbiri ya Zambia, pakuti m'caka ca 1867 munthuyu anathira nkhondo mfumu Nsama ya Atabwa, nalanda minyanga ya njobvu yambiri ndi anthu omwe. Citseko ca nyumbayo ncokongola ndithu. Mai uja anacikhudza, nafunsa mwakacetecete kuti cinagulidwa ndi ciani. Panalibe woyankha.

Cuma ca mzinda wonsewo cinacokera m'zinthu zitatu. Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, anasamutsira likulu lace ku Zanzibar m'caka ca 1840, nalimbikitsa kubzala karafuu, mtengo wa timaluwa tonunkhira tokometsera zakudya. Minda ya karafuu inafuna manja ambiri. Minyanga yocokera kumtunda inafunidwa ku India, ku Ulaya ndi ku America. Ndipo anthu ogwidwa kumtunda anagulitsidwa, ena kulima m'mindamo, ena kutumizidwa kutsidya kwa nyanja. Ambiri a iwo anacokera m'maiko ozungulira nyanja ya Malawi. Ankaolotsedwa pa Nkhotakota m'zombo za Jumbe, nayendetsedwa pansi kufikira ku Kilwa, ndi kucokera kumeneko kudza ku Zanzibar. Kazembe wa Angerezi, Rigby, amene anakhala pa cisumbupo ca m'ma 1860, anawerengera kuti akapolo 19,000 a ku dziko la kunyanjako ankapita pa nyumba ya msonkho ya Zanzibar caka ndi caka. Amenewo ndiwo anafika amoyo. Ogwa panjira sanawerengedwe.

Pamalo pamene panali msikawo tsopano pali chalichi cacikuru ca Anglican. Pa 5 June 1873 Sultan Barghash, ataumirizidwa ndi kazembe John Kirk, anasaina pangano loletsa kutumiza akapolo pa nyanja, ndipo msika unatsekedwa. Pa Khrisimasi ya caka comweco mwala wa maziko unaikidwa, ndipo nyumbayo inatha m'caka ca 1879. Woyang'anira nchito anali Bishopu Edward Steere, yemwenso analemba mabuku ophunzitsira Ciswahili. Anamwalira mu 1882, naikidwa kuseri kwa guwa. Patsogolo pa guwalo pali mwala woyera wozungulira, wozingidwa ndi miyala yofiira, ndipo amati pamenepo ndipo panali mtengo womangirirapo anthu powakwapula.

Kunja kwace kuli cikumbutso cimene anacipanga mai wa ku Sweden, Clara Sörnäs, m'caka ca 1998: anthu asanu a mwala, aimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Pansi pa nyumba yoyandikana nayo pali tizipinda tiwiri tamdima, tofupika denga, timene otsogolera alendo amati munkasungidwa akapolo podikira tsiku la msika. Mnyamata wa mbiri yakale, atabwerera kunja, anauza anzace kuti akatswiri ena a mbiri akana nkhani ya tizipindato, popeza nyumba ya pamwambayo inamangidwa msika utatsekedwa kale. Mai uja anakwiya, nati, "Kodi mufuna kucepetsa zowawa za anthu?" Iye nati, "Iai, amai. Msika unalipo, ndipo mboni zace nzambiri. Koma mwana akadzazindikira kuti mphunzitsi anamuuza cinthu cimodzi cosatsimikizika ngati coona, adzakayika ndi zoona zomwe."

Pamenepo wotsogolera anawabwezera m'chalichi, nawaonetsa mtanda waung'ono wa mtengo uli pakhoma. Atamva kuti alendowo ndi a ku Zambia, anati, "Mtengo uwu ndi wakwanu." Mtandawo unasemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo umene pansi pace anakwirira mtima wa Livingstone.

Nkhani yace iyenera kukambidwa bwino, pakuti m'sukulu zambiri ikambidwa mwa theka. Livingstone anafa pa 1 May 1873, masabata asanu okha pangano lija lisanasainidwe, ndipo pa tsiku losainalo panalibe munthu m'Zanzibar wodziwa kuti wafa. Anchito ace anacotsa mtima ndi zam'kati nazikwirira pansi pa mtengo wa mpundu. Jacob Wainwright, amene anadziwa kulemba, analemba dzina pa tsinde lace. Thupi analithira mcere, naliumika padzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsaru ndi m'khungwa la mtengo, nalimangirira pa mtengo wonyamulira. Otsogolera anali James Chuma ndi Abdullah Susi, ndipo pamodzi nao panali amuna ndi akazi ambiri. Anayenda miyezi isanu ndi inai, mtunda woposa makilomita 1,500, m'maiko amene kunyamula mtembo wa mlendo kukanawadzetsera mlandu waukuru. Ena a iwo anafera panjira. Anafika ku Bagamoyo mu February 1874. Mtembo unaolotsedwa kudza ku Zanzibar, nutumizidwa ku London, kumene unaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 April 1874. Wainwright analipo pa maliro; Chuma ndi Susi anafika ku England pambuyo pace, nathandiza wokonza mabuku a ulendo wotsiriza wa Livingstone kulongosola zimene zinacitika.

Tsono Chuma ameneyu anali yani? Anali Myao, amene ali mwana anaomboledwa m'manja mwa ogula anthu m'caka ca 1861, m'mapiri a kufupi ndi mtsinje wa Shire. Akadapanda kuomboledwa, akadayenda ndi goli m'khosi. Koma anafika kugombe ali mtsogoleri wa ulendo. Iye ndi Susi onse awiri anatsirizira moyo wao m'Zanzibar momwemo, Chuma mu 1882, Susi mu 1891.

Usiku wa tsiku laciwiri

Usiku umenewo sanapite ku Forodhani. Anakhala pa denga la nyumba yao ya alendo, ali cete. Potsiriza mai uja anaturutsa cimene cinali mumtima mwace, nati kwa mnyamatayo, osaseka konse, "Makolo anu ndiwo anagulitsa anthu kwa Aluya." Mau otere akadanenedwa mwa cimbuya akadangopita; koma ananenedwa ndi nkhope yina. Mnyamatayo anayankha kuti nzoona mafumu ena a Abemba anasinthana anthu ndi mfuti ndi nsaru, koma Angoni naonso anafunkha midzi, Ayao anayendetsa magoli, Abisa ananyamula malonda kufikira kugombe, ndipo Acikunda anasaka anthu m'cigwa ca Luangwa. Mau anayamba kukwera, ndipo cibwenzi ca zaka zambiri cinali pafupi kusweka m'dziko la eni.

Pamenepo mkulu wa sukulu, amene sanalankhule kanthu cicokere ku chalichi, anati, "Ana anga, tamverani." Nawauza nkhani imene agogo ace akazi anamuuza ali mwana. Amai ao a agogowo anali ndi mlongo wao, mnyamata wosakula. Caka cina ca njala m'banjamo munagwa mlandu, ndipo panalibe mbuzi kapena makasu olipira. Atsibweni a mnyamatayo, mwini mbumba, amene mwa mwambo ndiye anayenera kumsunga, anampereka iye. Amene anamlandira anamgulitsa kwa apaulendo opita kunyanja, ndipo sanaonekenso. "Sanagwidwe ndi Mbemba," anatero mkuluyo, "kapena Mngoni, kapena Mluya. Anaturuka pa khomo la kwao, dzanja lace liri m'dzanja la mbale wa amace. Zaka makumi atatu ndaphunzitsa za ukapolo, ndipo nkhani iyi sindinaiuze kalasi ndi limodzi lomwe, cifukwa ndinacita manyazi. Lero poyang'ana anthu a mwala aja ndinafunafuna nkhope yace."

Panapita nthawi osalankhula munthu. Kenaka mai uja anapepesa kwa mnyamatayo, ndipo iye analandira.

Tsiku lacitatu

M'mawa anapita kukaona nyumba imene Sultan Majid anabwereka Livingstone m'caka ca 1866, pokonzekera ulendo wace wotsiriza. Napitanso ku msika wa Darajani, kumene pfungo la nsomba lisanganizika ndi la karafuu. Mseu waukuru wa pamenepo kale unali khwawa la madzi a m'nyanja, lolekanitsa nyumba za miyala ndi dera lochedwa Ng'ambo, ndiko kuti Tsidya, kumene kunkakhala amphawi, anchito, ndi ana a akapolo. Pakuti kutsekedwa kwa msika sikunathetse zonse tsiku limodzi. Malonda anapitirira mobisa, ndipo kumpoto kwa nyanja ya Malawi, Mlozi anagonjetsedwa mu 1895. M'Zanzibar lamulo lolola kapolo kupempha ufulu linadza mu 1897. Kuwawidwa mtima kwa a Tsidya kunakhalabe, ndipo pa 12 January 1964, patangopita mwezi umodzi cisumbuco citalandira ufulu, ufumu wa Sultan unagwetsedwa, ndipo Aluya ndi Amwenye zikwi anaphedwa kapena kuthawa, ambiri a iwo osalakwa kanthu. Mu April caka comweco Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika, ndipo dziko latsopanolo linachedwa Tanzania. Bala losatsukidwa bwino limatukusira mkati ngakhale pamwamba pataoneka pouma.

Poyenda m'mbali mwa nyanja madzulo ace, mai wa ku Msoro anakamba nkhani yina, yokhudza nchito ya uphunzitsi. Mishoni ya UMCA, italephera ku Magomero, inasamukira ku Zanzibar mu 1864, niyamba sukulu ndi ana oomboledwa m'zombo za akapolo. Sukulu ya anyamata inali pa Kiungani, kunja kwa mzinda, ndipo inasula aphunzitsi ndi abusa. Mishoni itabwerera kunyanja ya Malawi, nikhazikika pa Likoma mu 1885, anyamata anzeru a kumeneko ankatumizidwa ku Kiungani kukaphunzira. Mmodzi wa iwo anali Leonard Kamungu, wa kufupi ndi Nkhotakota, amene anadzozedwa unsembe mu 1909, nadza ku Msoro kudzagwira nchito pakati pa Akunda, namwalira komweko mu 1913. "Njira imene inatenga anthu athu," anatero maiyo, "ndi yomweyo inabweza mphunzitsi amene anaphunzitsa makolo a kwathu kuwerenga. Madzi saiwala khwawa."

Zimene anabwera nazo

M'mawa mwace anakwera combo, napitiriza ulendo wao kudzera ku Mbeya, Karonga ndi Nkhotakota, nalowanso m'dziko lao pa Mwami. M'akatundu ao munali nsaru, tipaketi ta karafuu, ndi botolo la madzi a m'nyanja kuti ana alawe mcere wace. Koma anapangananso zinthu zinai, ndipo ziperekedwa kwa msonkhano uno kuti muziyese.

Coyamba, pophunzitsa za Zanzibar, yambani pafupi. Jambulani pa bolodi njira yocokera m'mudzi mwa anawo kufikira kunyanja ya Malawi, ku Kilwa, ndi ku cisumbuco, kuti aone kuti kadontho ka pa mapu kamangirizidwa ndi cingwe ku khomo la kwao.

Caciwiri, chulani maina a Chuma, Susi, Wainwright ndi Kamungu monga muchula la Livingstone. Mwana amene amva kuti wakuda anangokhala wogulitsidwa ndi wonyamula katundu akula ndi mutu wowerama.

Cacitatu, musaike mlandu wonse pa mtundu umodzi, kapena pa cipembedzo cimodzi. M'kalasi limodzi mukhala mdzukulu wa wogwidwa ndi mdzukulu wa wogwira, ndipo kawirikawiri ali mwana mmodzi yemweyo. Ogula anali ndi mlandu, ogulitsa anali ndi mlandu, ndipo ofuna minyanga ndi karafuu kutsidya kwa nyanja anali nao wao. Mau osasamala a mphunzitsi angathe kuyatsa pa bwalo la masewera moto umene unatsala pang'ono kuyaka pakati pa mabwenzi atatu akuluakulu.

Cacinai, tumani ana kwa agogo ao. M'midzi yambiri mukali nkhalamba zodziwa kumene kunali malinga, mapanga othawiramo, ndi maina a otayika. Ana alembe zimene amva, pamodzi ndi dzina la mudzi ndi tsiku, ndipo mphunzitsi awathandize kusiyanitsa cimene munthu anaona, cimene anamva kwa wina, ndi cimene angoganiza. Nkhalamba ikapita, buku lace lipita nayo kumanda.

Mkulu wa sukulu uja, sukulu zitatsegulidwa, anaima pamaso pa ana a kalasi lacisanu ndi ciwiri, nawauza nkhani ya mnyamata woperekedwa ndi atsibweni ace. Ana anakhala cete kufikira belu linalira. Sabata lotsatira, asanu ndi mmodzi a iwo anabwera ndi nkhani za m'mabanja mwao, zolembedwa m'makope, ndipo makopewo asungidwa m'kabati ya sukulu.

Si onse adzapeza ndalama za sitima ndi combo. Koma nkhalamba ziri pafupi, mtunda wa kuyenda ndi miyendo, ndipo kope ndi pensulo sizidula.